Ndege Inagwa m'Fodya wa Mayi Stelia

Ndege inagwa Lachitatu m'mawa, nthawi itangopitirira 8 koloko, m'munda wa fodya wa mayi Stelia Kamanga, kutsidya kwa dambo la kumadzulo kwa Ludzi. Inali ndege yaing'ono ya injini imodzi, ya esiteti ya Mlombwa, ndipo munali anthu awiri. Woyendetsa, Joe Lungu wa ku Zambia, anamutulutsa ali moyo koma miyendo yonse iwiri itathyoka. Winayo, Chipiliro Mvula, kalaliki wa ku sitolo ya esitetiyo, anafera pampando.

Sajeni Monica Chirambo wa polisi ya Mchinji anafika dzuwa lili pamutu. Chaka chimenecho, 1998, chinali chachisanu ndi chimodzi chiyambire ntchito yofufuza milandu. Ankadziwa za akuba ng'ombe, za ozembetsa shuga ndi feteleza pamalire, za amuna okhapana pamowa. Koma ndege anali asanakwerepo, ngakhale kuikhudza kumene.

Abwana ake pa boma anangomuuza mwachidule. "Akatswiri a ku Lilongwe abwera Lolemba. Inu kalembeni zimene anthu aona, muwaletsenso kuzula malata a ndegeyo. Zina zonse si zathu."

Ndegeyo inali itazika mphuno m'nthaka yonyowa, mchira uli m'mwamba, phiko limodzi litapindika. Moto sunabuke. Matumba a mbewu ya papirika ndi zitsulo za pampu zimene inanyamula zinali zitamwazika m'mizere. Anthu anazungulira, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake. Wina amati katundu anachuluka. Wina amati mvula ya usiku inalowa mu injini. Mkulu wina wa chipewa cha mlaza ankaumirira kuti woyendetsayo anagona.

Sajeni anayamba ndi malemu, amene anali atawafunditsa chitenje pansi pa mtengo wa mango. M'matumba munali kalata yodutsira pamalire, kolona, chipeso ndi kampango. Anazilemba zonse, kenaka anaitana mwini munda.

Mayi Stelia anali wamfupi, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya.

"Ine ndimathyola masamba a m'munsi, amayi, amene ayamba kupsawa. Taonani mizere yanga. Khumi ndi iwiri yapita, ndiye kaya alipira ndani."

"Tiyambe ndi ndege, mayi. Munaiona isanagwe?"

"Ndinayamba kuimva. Ndege imeneyi timaidziwa ngati chigayo cha pa Kamwendo, imadutsa Lachitatu lililonse kupita ku Chipata. Koma lero imalira mwina. Imangoti kho, kho, kho, ngati wina akumenya chitsulo m'kati mwake. Ndinadzuka n'kuyang'ana. Inali pansi kwambiri, kautsi kakutuluka kumphuno. Kenaka inangoti zii. Chinthu chachikulu chonchija kubwera chete, osalira. Ine ndinagwa chafufumimba mumzere."

"Mbalame munaziona?"

"Akakowa ali m'dambomo tsiku lililonse. Anauluka itagwa kale."

"Nanga mvula?"

"Inatha usiku. M'mawa kunayera." Mayiwo anapukuta manja pachitenje. "Chimene ndinadabwa ine ndi fungo. Titathamangira kukatulutsa bambo aja, pamanunkha ngati koloboyi watayika m'nyumba."

Sajeni anali atalimva kale fungolo. Pansi pa phiko lopindikalo mafuta anali akudontha, ndipo amayi awiri anali atatchera zitini. Anawathamangitsa, natunga botolo limodzi kukhala umboni. Mafutawo anali obiriwira pang'ono ngati kumwamba.

"Palafini ameneyo," anatero mayi Stelia.

"Palibe chodabwitsa," anayankha mphunzitsi wina amene anali pagulupo. "Ndege zonse zimayendera palafini. Zili m'mabuku."

Anthu anavomera. Sajeni anayang'ana mphunzitsiyo, anayang'ana botolo, ndipo sanadziwe choti alembe.

* * *

Esiteti ya Mlombwa inali pamtunda wa makilomita khumi ndi awiri, ndipo bwalo lake la ndege linali kamsewu ka udzu kuseri kwa zigafa. Manejala, a Boniface Chikhosi, anamulandira pakhonde atavala jekete lalikulu ngakhale kunkatentha. Pambali pawo panali kapu ya madzi ndi mapiritsi.

"Pepani Sajeni, malungo andigwira chiyambire Lolemba. Ndipo ndinene kuti malungo amenewa ndi amene andipulumutsa. Pampando paja ndimayenera kukhala ine."

"Mumapita kuti?"

"Kwa bwana mwini esiteti. Ali ndi famu ina kufupi ndi Chipata, ndiye anandiitana kuti tikakambirane za ntchito. M'mawa nditaona kuti mutu sukudzuka, ndinatuma Chipiliro kuti aperekeze katundu. Mnyamata wabwino kwambiri. Ndikafika bwanji pamaso pa mkazi wake, sindikudziwa."

"Inu mukuganiza kuti injini inazima chifukwa chiyani?"

"Ine si katswiri. Poyamba ndimati mbalame, chifukwa m'dambomo zachuluka. Koma tisabise, makaniko wathu Vitus amamwa. Ndamuchenjeza kawiri. Antchito atamva za ngoziyi amafuna kumupha, ndiye ndamutsekera m'kanyumba ka alonda kuti mumutenge."

"Mafuta a ndege mumasunga kuti?"

"M'sitolo, m'migolo yomata ndi waya. Imachokera ku Lilongwe."

"Amatsekula ndani?"

"Chipiliro. Kiyi wake ndi mmodzi, amasunga yekha. Ine kusitoloko sindinapondeko chiyambire kudwala."

Sajeni anatsegula kabuku kake n'kuwerenganso zimene anapeza m'matumba a malemu. Kalata, kolona, chipeso, kampango. Kiyi munalibe. Mwina anagwera m'matope, kapena wina anatola polisi isanafike. Anapempha kuona mgolo umene anathirako mafuta m'mawa uja. A Chikhosi anatuma mlonda ku bwalo, ndipo mlondayo anabwerako manja lende. Mgolo kunalibe, ndipo palibe amene anaona woutenga.

"Anthu a kuno amaba chilichonse," anatero a Chikhosi, akumwera piritsi.

* * *

Vitus Sakala anali bambo wa imvi m'mbali, ndipo anali atatupa diso limodzi. Anagwirapo ntchito yokonza ndege za asilikali ku Zomba zaka khumi ndi zinayi. Madzulo a tsikulo Sajeni anamutulutsa m'chitokosi n'kumukhazika pabenchi mu ofesi.

"Mumamwa, bambo Sakala?"

"Loweruka. Lero ndi Lachitatu."

"Ndege yagwa chifukwa chiyani?"

"Ndege siigwa chifukwa injini yazima. Imagwa chifukwa yasowa potera. Funso lanu ndi lakuti injini inazimiranji." Anayamba kuwerenga ndi zala. "Mafuta akatha, izima. Ndinadzaza mapiko onse awiri. Madzi akalowa m'mafuta, izima. Ndinatapa pansi pa thanki m'kagalasi, madzi munalibe, ndipo Joe anaona ndi maso ake. Oyilo akatha, izima. Ndinathira Lolemba. Mbalame ikagunda, mupeza nthenga ndi magazi. Munazipeza?"

"Ayi. Nanga katundu akachuluka?"

"Ivutika kunyamuka, koma injini ilirabe. Katundu ndinamuyeza pa sikelo ya fodya. Sanafike ngakhale theka."

"Ndiye mwatsutsa zonse. Chatsala n'chiyani? Inuyo?"

Maso a Vitus anali pabotolo limene linali patebulo. Anapempha kuti alinunkhize. Atatsegula, nkhope yake inasintha.

"Mwalitenga kuti?"

"Pansi pa phiko. Akuti ndege zonse zimayendera palafini."

"Wakuuzani zimenezo wawerenga theka la tsamba. Ndege zikuluzikulu za ku Lilongwe, inde. Koma iyi injini yake ili ngati ya galimoto, imafuna petulo wakewake wobiriwirayu. Mukasakanizamo palafini, imalira bwinobwino pansi. Ikangonyamuka n'kuyamba kukoka mwamphamvu, imatentha, imagogoda, mpaka zitsulo za m'kati zimasungunuka. Ndipatseni pepala."

Sajeni anang'amba tsamba m'kabuku kake. Vitus anadonthezapo kadontho kamodzi n'kuliika pazenera.

"Akakhala mafuta enieni, pakatha mphindi ziwiri pepalali liuma ngati silinakhudzidwe. Mukakhala palafini, patsala chizindikiro cha mafuta ngati pa pepala la mandasi."

Anadikira. Panja wina anali kupopa njinga. Patatha mphindi zisanu, pakati pa pepalapo panali bwalo lonyezimira, loonekera mbali zonse ziwiri.

Sajeni anatuluka, nakatapa petulo pang'ono m'njinga yamoto ya polisi, nadontheza pa tsamba lina. Linauma mbee. Atabwerera anapeza Vitus atagwira mutu ndi manja awiri.

"Munathira ndinu mafuta amenewa," anatero Sajeni.

"Ndinathira ndine. Mtundu unali womwewo. Palafini sakhala pansi ngati madzi, amasakanikirana. M'mawa muja mphepo imaomba, fungo sindinalimve."

"Mgolo anabweretsa ndani?"

"Masiku onse amabweretsa Chipiliro pa thirakitala, ine ndilipo. Lero ndinafika 6 koloko n'kupeza mgolo uli kale pabwalo, womata ndi waya ngati watsopano. Ndinangoti walawira. Iye anafika 7 itapitirira, atavala malaya oyera, ndipo ndinali nditatha kuthira. Anauzungulira mgolowo kawiri. Kenaka anandifunsa kuti, 'Achimwene, unali ndi waya?' Ndinati inde. Anafunsanso kachiwiri. Ndinati inde, ndadula ndekha. Ndiye anakwera."

"Munthu amene wabweretsa mgolo yekha angafunse funso limenelo?"

"Ndi zimene ndakhala ndikudzifunsa m'chitokosimo."

Sajeni anamubwezera m'chitokosi mtima uli pawiri. Munthu amene anamuonetsa palafini ndi yemweyo amene anamuthira m'ndege. Wolakwa akhoza kuloza chala kwa wakufa, popeza wakufa sayankha. Koma ngati Chipiliro ndiye anaononga mafutawo, anakweranji?

* * *

Lachinayi m'mawa anapita ku chipatala cha pa boma. Joe Lungu anagona miyendo ili m'matabwa, milomo itauma. Ankayankhula Chinyanja cha kwawo, pang'onopang'ono chifukwa cha mankhwala.

"Ba Sajeni, ine nayendesa ndeke zaka twelufu. Injini nimaimvela monga mwana wanga. Tinanyamuka bwino chabe. Pa maminiti folo, nsonga ya kutentha yapita ku redi. Nachepesa moto, yakana. Yayamba kugogoda. Nati nibwelele, manje pansi pali pafupi. Naona dambo, nati niikhazike paja, koma sitinafike."

"Vitus mumamukhulupirira?"

"Uja mudala ni wosamala ngako. Koma vinthu pa esiteti paja sivinali bwino. Mawiki atatu apita, mugolo umozi unali wopepuka. Wina waya wake unali wopindika monga anaumasula. Ninaukana. Ninauza ba Chikhosi kuti pali wina akuba mafuta, ndipo nizauza bwana mukulu ku Chipata."

"Munawauza liti?"

"Wiki yatha. Bananiyankha ati, tipite tonse pa Chitatu, tikakambe pamozi."

"Nanga wa dzulo, waya wake munauona?"

"Ninafika mudala atadula kale."

Sajeni analemba. Tsopano panali mbava, ndipo wosunga kiyi anali malemu. Nkhani inkaoneka ngati ikutha yokha: Chipiliro ankaba petulo, n'kudzazitsa ndi palafini, kenaka msampha wake unamukola mwini. Anatseka kabuku kuti azipita.

"Pali china," anatero Joe. "Pamene injini inayamba kugogoda, uja munyamata sanakuwe. Anagwila kolona, wayang'ana kutsogolo, wakamba mau amozi chabe, kawili."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Andinamiza. Andinamiza.'"

"Ndani?"

"Sinizibe. Mwina mudala Vitus. Mwina ine. Nalibe nthawi yomufunsa."

Potuluka, namwino anamuuza Sajeni kuti ngati ali ndi mafunso ena afulumire. A ku esiteti anali atanena kuti mawa masana abwera ndi galimoto yawo kudzamutenga wodwalayo, kupita naye ku chipatala cha ku Lilongwe kumene kuli dokotala wa mafupa.

Ku ofesi abwana ake sanafune kumva zambiri. "Makaniko wavomera kuti anathira yekha. Mutsegulireni mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala, Lolemba akaonekere kukhoti. Za mapepala a mandasi muwasiyire a ku Lilongwe."

"Bwana, ndipatseni tsiku limodzi."

"Mukufuna mupeze chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana."

Ndipo zinali zoona.

* * *

Maliro a Chipiliro anali Lachisanu, kumudzi kwawo kuseri kwa Kamwendo. Sajeni anapita atavala chitenje ndi duku, nakhala ndi amayi m'nyumba ya siwa kwa kanthawi. Amuna ali kumanda kukumba, anapempha kuti aonane ndi mkazi wa malemu kuseri kwa nkhokwe.

Mkaziyo, Keziya, anali mtsikana wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, maso ofiira, mawu atasasa. Dzanja lake lamanja linali lokulungidwa ndi nsalu kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono. Nsaluyo inali yakale, yothimbirira.

"Pepani ndi zovutazi, achemwali. Dzanjalo mwatani?"

"Ndinapsa ndi phala."

"Liti?"

"Mwezi watha."

"Phala limapsereza mpaka nsidze?"

Keziya anagwira pamwamba pa diso, pamene tsitsi linali litangoyamba kumera. M'nyumba amayi anayambitsa nyimbo ina.

"Akumuika m'manda lero," anatero Keziya. "Mukufuna anthu amuike ngati wakuba?"

"M'chitokosi muli bambo amene akaimbidwe mlandu wopha amuna anu. Ngati sanalakwe, akafera kundende pachabe. Ine sindinabwere kudzalengeza pamanda. Ndikufuna ndimve basi."

Keziya anakhala pa mtondo umene unali wogubuduzika pamenepo.

"Anabwera ndi kachigubu tsiku lina, n'kukabisa kuseri kwa kabati. Ine ndinaona ngati palafini, ndinathira m'koloboyi. Nditangoyatsa, moto unalumpha mpaka kudenga. Usiku umenewo ndi pamene anandiuza. Amapopa petulo wa ndege m'migolo, anthu a ku malire amabwera kudzatenga, ndipo m'malo mwake amathiramo palafini kuti mgolo ulemere. Anati migolo yoteroyo amaiika kumbuyo kwenikweni, sidzafika pandege."

"Amachita yekha?"

"Munthu wa sitolo angatulutse zigubu pageti yekha? Anayambitsa ndi a manejala. Waya womatira amabwera naye ndi iwowo."

Sajeni anafuna kukhulupirira pompo. Komabe anadziletsa. Mkazi wamasiye akhoza kukankhira mlandu kwa wina kuti dzina la mwamuna wake lipepuke.

"Ngati amadziwa zonsezi, anakweranji?"

"Lachiwiri madzulo anabwera osadya. Anati migolo yabwino yatha, yatsala yosakaniza yokhayokha, ndipo mawa ndege inyamuka. Anati sangalole kuti a Joe afe. Anapita kunyumba kwa a manejala kukawauza kuti ndege isauluke, apo ayi akaulula yekha kwa bwana wamkulu. Atabwerako anali atapepukidwa. Anati a manejala amuuza kuti asadandaule, mgolo watsopano wafika kale kuchokera ku Lilongwe, uli m'galaja mwawo, ndipo mawa asavutike kupita kusitolo."

"Ndiye m'mawa?"

"M'mawa tikumwa tiyi, mlonda anabwera kudzanena kuti a manejala adwala, apite ndi iyeyo ku Chipata. Ndinamusitira malaya oyera. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, 'Anena kuti ndi watsopano.' Anandiuza ine, koma ngati akudziuza yekha."

"Achemwali, zimene mukunenazi ndi mawu okha. A manejala akana. Anena kuti kusitolo sanapiteko, ndipo kiyi ndi mmodzi, amasunga amuna anu. Anena kuti amuna anu ndi amene anatulutsa mgolo m'mawa inu muli mtulo."

Keziya anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chake ndi mano, popeza dzanja linali lolephera. Munali kiyi wamkuwa womangidwa pa kachingwe kofiira.

"Anamupachika pamsomali Lachiwiri madzulo. Msomaliwo uli kumutu kwa bedi, mbali imene ndimagona ine. Sanamugwirenso. Ndamuchotsa ndekha potuta katundu."

Sajeni analandira kiyiyo. Ngati mgolo unatulukadi m'sitolo Lachitatu m'bandakucha, ndiye kuti pali kiyi wina. Ndipo anthu awiri okha amene akanatha kuulula za mafutawo anali atakwezedwa ndege imodzi. Mmodzi anali m'bokosi. Winayo anali pabedi ku boma, akudikira galimoto ya ku esiteti.

Anayang'ana wotchi. Inali 11 koloko itapitirira.

* * *

Pa Kamwendo minibasi inali isanadzaze, ndipo kondakitala anati sanyamuka mpaka mipando ithe. Sajeni anaimitsa lole ya chimanga, naonetsa chiphaso chake, nakwera kutsogolo. Njira yonse maganizo ankangozungulira. Bwanji ngati Keziya ananama? Bwanji ngati Chipiliro anadzuka mbandakucha, n'kutsekula sitolo, n'kubwezera kiyi pamsomali mkazi wake asanadzuke? Bwanji ngati akuchedwetsa munthu wothyoka miyendo kukaonana ndi dokotala chifukwa cha mawu a namfedwa?

Anafika pachipatala anthu atangotulutsa Joe pa machira. Pikapu yoyera ya esiteti inali pakhomo, matiresi atayalidwa kumbuyo. A Chikhosi anaima pambali pake atavala malaya a manja aafupi, akuuza anthu mogwirira. Dalaivala panalibe. Ankayendetsa okha.

"Mwachira, bambo Chikhosi."

"Mankhwala agwira, Sajeni. Tikuthamangira ku Lilongwe."

"Wodwalayu ndi mboni ya boma. Sapita pa galimoto iyi."

"Miyendo yake ikawola, mudzayankha ndinu?"

Onyamula machira anaima, osadziwa womvera. Namwino anayang'ana Sajeni. Joe anali maso, akuyang'ana uku ndi uku.

"Apita pa ambulansi, ndi wapolisi pambali," anatero Sajeni, ngakhale sankadziwa ngati ambulansiyo inali ndi mafuta. "Ndibwerekeni makiyi anu."

"Pa mlandu wanji?"

Sajeni anapisa dzanja pazenera la pikapu n'kuzula mpukutu wa makiyi. Analipo asanu ndi awiri. Anawayala pa boneti, naika wa Keziya pambali, nayamba kufananiza mmodzimmodzi. Woyamba ayi. Wachiwiri ayi. Wachisanu anali wamkuwa. Atawaphatikiza, mano awo anagwirizana onse.

"Munati kiyi wa sitolo ndi mmodzi."

"Makiyi amafanana, Sajeni."

"Tikayesa pa loko, pamaso pa antchito anu. Tikaonanso m'galaja mwanu ngati muli mgolo wopanda kanthu. A ku Lilongwe amene amakugulitsani mafuta atiuza ngati anatumiza wina sabata ino."

A Chikhosi anayang'ana kugeti, kenaka kwa anthu amene anali atayamba kusonkhana. Anatsamira pikapu, ndipo atayankhula mawu awo anali otsika, opanda ulemerero uja wa pakhonde.

"Simukumvetsa. Bwana akanabwera kudzaona sitolo, akanapeza migolo isanu yoonongeka. Ndimafuna ichepeko. Palafini anali wochepa, sanafike ngakhale theka. Kuchoka pano kukafika ku Chipata ndi mphindi makumi awiri zokha. Ndimati ifika. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ine ndimati ifika."

Sajeni anawayang'anitsitsa. Nkhope yawo inali ya munthu amene akukhulupirira zimene akunena, ndipo izi zinamusokoneza kuposa bodza. Sanadziwe ngati waima pamaso pa munthu amene anakonza zopha anthu awiri, kapena wakuba wopusa amene anachita juga ndi miyoyo ya anzake. Anatulutsa unyolo m'chikwama koma sanautsegule.

Amene anayankhula anali Joe. Anadzutsa mutu pamachira movutika, mpaka namwino anamugwira phewa.

"Ba Chikhosi," anatero. "Ngati munaziba kuti izafika, nanga imwe simunakwele chifukwa chani?"

A Chikhosi anatsegula pakamwa, natsekanso.

Sajeni Chirambo anawagwira mkono, nawamanga.